A Ndowa ndi Bokosi Lobiriwira

Ku ofesi ya boma kumene ndimayendetsa galimoto, chipinda cha mafayilo chili kumapeto kwa khonde, ndipo mwini wake ndi a Ndowa. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Analowa ntchito ali ndi tsitsi, denga likudontha malo awiri. Lero dazi lafika kunkhongo, malo odontha akwana khumi, ndipo onsewo amawadziwa ngati ana awo. Mitambo ikangoda, ndowa zili kale m'malo mwake. Ine ndimati, "Achimwene, a zanyengo azidzafunsa kwa inu."

Chaka chatha akazi awo anafa ziwalo mbali imodzi. Ali kumudzi, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. A Ndowa analemba kalata yopempha kuti awasamutsire ku ofesi ya kufupi ndi kwawo.

Kalata isanayankhidwe, kulikulu kunachokera lamulo lakuti ofesi iliyonse ilembe zoopsa zimene zingaigwere. Mabwana anadzitsekera masiku atatu, tiyi osaphwa, n'kutuluka ndi pepala la mabokosi. Vuto losathetsedwa, bokosi lofiira, lothetsedwa, lobiriwira. Pa mzere wa denga, pofunsa njira yopewera ngozi, analembapo kuti, "A Ndowa." Bokosi lake, biriwiri!

A Ndowa analowa kwa bwana wamkulu. "Bwana, kalata yanga ija?"

"Akulu, mukachoka inu bokosi lifiira. Kulikulu ndikayankha chiyani?"

"Ndiye konzani dengalo."

"Amakonza zofiira zokha. Lathuli ndi lobiriwira."

Anatuluka akukanda dazi. Ine ndinawakokera pambali.

"Achimwene, mvula ikubwerayi pindani manja. Mafayilo anyowe, bokosi lifiire, akonze denga, inu ulendo."

Lachinayi masana kunada bii. A Ndowa anakhala pampando, manja m'khwapa, ndowa zili mulu pakona. Ine ndili pakhomo kuchemerera ngati kumpira. Dontho loyamba linagwera pa shelefu yachitatu, tho! Lachiwiri, tho! Pamenepo ndi pa mafayilo a penshoni za amayi amasiye, aja amabwera mwezi ndi mwezi n'kukhala pabenchi mpaka kuweruka. A Ndowa amawadziwa nkhope onse.

Anapirira mpaka dontho lachisanu.

"Iwe wopanda sukulu, tandipatsira ndowa yaikuluyo."

Ndinawapatsira. Nthabwala zinandithera.

Bokosi likadali lobiriwira. Poweruka ndinawamva pafoni akuuza akazi awo kuti, "Amayi, mvula ikangotha ndibwera." Chaka chatha ananenanso chimodzimodzi.