Tsiku Limene a Paison Anaimba Kuseri kwa Golosale

A Paison Ngozo anagwira ntchito yophikira wansembe wina wa ku Italy zaka zisanu ndi zitatu, kufupi ndi Kasinje. Lamulungu lililonse masana, wansembeyo ankaika tepi ya opera, sewero loimba la kwawo, n'kukhala duu ngati ali pamaliro. A Paison ankamvetsera akutsuka mbale. Tsiku lina anafunsa chimene mwamuna wa m'tepiyo ankalirira.

"Mkazi wake akumwalira, iye wafika mochedwa," anayankha wansembeyo.

Pobwerera kwawo mu 2004, wansembeyo anawasiyira tepiyo. A Paison anagula njinga n'kuyamba kabaza pa Ntcheu Boma. Chitaliyana sankachimva, koma nyimbo ya mwamuna wolira uja anailoweza yonse. Patapita zaka khumi, akazi awo a Malita anamwalira m'chipatala iwo ali kutali ndi kasitomala. Kuyambira pamenepo ankaiimba okhaokha pobwerera kunyumba, misozi ili chuchuchu.

Zimenezi anauza munthu mmodzi yekha, Julius, mnzawo wa pa siteji ya kabaza amene ankadya naye chipisi mbale imodzi.

Tsiku lina la msika Julius anati, "Achimwene, pali munthu wa ku wailesi akufuna mawu ngati anuwa. Imbani ndikujambuleni pa foni."

A Paison anakana kawiri, kenako anavula chipewa n'kukaima kuseri kwa golosale. Anaimba ndi mtima wonse. Atafika pamene mwamuna wa m'tepi uja amaitana mkazi wake, a Paison analira.

Sabata isanathe, vidiyoyo inali m'mafoni a tauni yonse. Pansi pake panalembedwa kuti, "Wakabaza wapenga, akulankhula malilime." Makondakitala a minibasi ankawayesezera akamadutsa. Mayi wina atawazindikira anatsika panjinga ulendo usanayambe.

A Paison anamupeza Julius akupopa tayala.

"Wa ku wailesi uja ali kuti?"

"Aaa, achimwene, zinali zocheza chabe. Taonani, mwatchuka!"

"Za Malita ndinakuuza iwe wekha. Unkadziwa chimene ndinkalirira."

Julius anangopitiriza kupopa, osadzutsa mutu.

Mwezi womwewo a Paison anasamukira ku Sharpevale kwa mlongo wawo. Kumeneko amanyamula matumba a chimanga panjinga, sanyamulanso anthu. Julius watumizako uthenga wopepesa kawiri kudzera mwa madalaivala. Ulendo wachiwiri a Paison anauza dalaivalayo kuti, "Mukamuuze kuti ndamva," n'kupitiriza kumanga katundu wawo.