Belu la maliro a bambo anga

Ndikakumbukira agogo aamuna, bambo a mayi anga, ndimamva fungo la dzimbiri limene silinkachoka m'manja mwawo. Ndiwo ankaliza belu patchalitchi chathu ku Malengachanzi, ngati limu yakale ya tayala la galimoto yopachika mumtengo wa mango tingaitche belu. Akaimenya ndi kachitsulo kawo, mbalame zinkabalalika m'minda ya mpunga, amayi n'kusiya chinangwa chawo padzuwa kuthamangira kukasamba. Pamaliro ankaliza kamodzikamodzi, ndipo lamulo linali lakuti belu la maliro ndi la obatizidwa okha.

Bambo anga sanabatizidwe. Lamulungu ankakhala pakhonde n'kumasoka ukonde. Agogo akamadutsa, bambo ankanjuta bwinobwino kupereka moni kwa apongozi awo, koma za kutchalitchi ankakana kwamtuwagalu.

Bambo anamwalira m'mawa wina ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pamjigo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Zachisoni, munthu uja Mulungu samudziwa." Ndowa ndinaisiya pomwepo. Agogo ndinawapeza akunola nkhwangwa.

"Agogo, akuti Mulungu sawadziwa bambo. N'zoona?"

Anaika nkhwangwa pansi, n'kutenga kachitsulo kaja, ulendo wa kumtengo wa mango. Analiza kamodzikamodzi, osafulumira, monga ankachitira ndi mkhristu aliyense. Akuluampingo awiri anafika ali wefuwefu.

"Achimwene, mwalizira ndani? Munthu uja sanali wathu!"

"Wathu sanali, inde," anatero agogo. "Koma amene anamuumba ndi yemweyo anaumba inu ndi ine. Kapena mukudziwa wina?"

Sabata yomweyo anawalanda ntchitoyo, atagwira zaka zoposa makumi awiri. Sanasiye kupemphera, ankangokhala pabenchi yakumbuyo, belu akuliza wina. Zinkandiwawa kwambiri, moti nditakulako ndinawafunsa ngati sadandaula.

"Kudandaula ndimadandaula, belu lija ndinkalikonda," anatero. "Koma ndikanalola bwanji kuti ukule ukuganiza kuti ndiwe mwana wa munthu wotayidwa?"

Lero ndine mphunzitsi, ndipo kutchalitchi timatsutsanabe za anthu osakhulupirira. Kumene kuli bambo anga sindikudziwa, ndipo agogo sananamizirepo kuti akudziwa. Koma munthu akamanena motsimikiza kuti wakutiwakuti Mulungu samukonda, ine ndimayamba ndayang'ana ngati pali mwana wake amene akumva.