Mfuti ya Bambo M'mphasa

Bambo atamwalira, abale anga anagawana mipando ndi njinga, ine n'kundisiyira mfuti yakale ya mipope iwiri imene agogo anapatsidwa ndi mmishonale ku Khondowe. Sindinkaifuna n'komwe. A inshuwalansi nawo anati sangailembe pa katundu wa m'nyumba pokhapokha mkulu wina wa ku Mzuzu, wodziwa mfuti zakale, ataiona n'kunena mtundu ndi mtengo wake.

Ndinaikulunga m'mphasa n'kukwera minibasi pa Boma la Rumphi. Chiphaso chake chinali chikadali m'dzina la malemu, ndiye njira yonse mtima unali m'mwamba poopa apolisi a pamsewu. Ndinaigoneka pamiyendo, kukamwa kwake kutaloza mayi wa pambali panga amene ankayamwitsa khanda. Minibasi ikadumpha pabampu, mphasa inkamugunda pachigongono, iye n'kumangoseka.

Nditafika ku Mzuzu, mkulu uja anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga tizilembo ndi timaluwa tozokotedwa pachitsulo. Anati ndi ya ku Mangalande, yapamwamba zedi, yosapezekapezeka. Kenako anakankha kachitsulo kapamwamba, mfuti n'kutseguka pakati. Anasuzumira m'mipope muja n'kundifunsa:

"Amama, mwayenda nayo chonchi kuchokera ku Rumphi?"

Anasololamo zipolopolo ziwiri n'kuziimika patebulo.

Mtengo anautchula, anaulembanso papepala, koma ine sindinamve kanthu. Mpaka lero bambo sindinawakhululukire, ngakhale ali m'manda. Ndikakwera minibasi n'kudumpha pabampu, ndimaona kamutu ka khanda lija.