Nsapato Imodzi ya Orval

Mayi Filomena Pacheco a ku Aiea, mudzi wa pachilumba woyang'anizana ndi doko la sitima zankhondo, anachapa zovala za asilikali apamadzi zaka makumi awiri, ndipo sanapezepo msilikali wowakhutiritsa. Sitachi imene ankalimbitsira zovala inali yoti buluku akaliimika pakhonde linkaima lokha n'kumachitira sawatcha odutsa. M'nyumba ankakolopa mpaka ntchentche zinkayamba zapukuta mapazi zisanalowe.

Pachilumba chonse nsapato zimatsala pakhomo, ngakhale khanda limadziwa. Koma Orval, msilikali wapamadzi wochokera kutali ku Nebraska amene ankafuna mwana wawo Odilia, tsiku loyamba analowa nazo mpaka kukhitchini.

"Kodi kwanuko mumagona ndi ng'ombe?" anamufunsa mayiwo, tsache lili m'manja.

Miyezi itatu sanapondemo. Amuna a mayi Filomena, bambo Amaro a kufakitale ya shuga, anachonderera mpaka mawu kusasa, ndipo mayiwo analola kuti Orval adzafunsire mbeta Lamulungu masana. Yunifolomu yake yoyera anaitanitsa kuti achape okha. "Sangandipemphe mwana akuoneka ngati thumba la makala."

M'mawa wa Lamulungulo, pa 7 Disembala, atangoyanika, ndege zinadutsa chapansipansi moti nkhuku zinatsala pang'ono kumetedwa. Kumunsi kudoko kunagunda, utsi n'kukwera, mwaye n'kuyamba kugwera pachingwe.

"Masewera awo aja ayambanso," anatero mayi Filomena. "Sabata yonse osayeserera nkhondo, kudikira ine ndiyanike."

Ndege ina anaiopseza ndi mtengo wochirikizira chingwe. Mpaka imfa yawo ankalumbira kuti woyendetsayo anawerama ndi mantha.

"Mayi a Odilia," anatero bambo Amaro ali pakhonde, "ndege zathu zilibe kadontho kofiira pamapiko."

"Ndiye apenta. Ntchito ina ali nayo?"

"Lowani m'nyumba, inu."

"Mulowe ndinu. Yunifolomuyi muchapa?"

Wailesi ndiyo inathetsa mkangano: sanali masewera, zinali ndege za Japan. Odilia anaima pageti n'kumayang'ana kumene kunkakhala sitima ya Orval. Kunali utsi wokhawokha.

Mayi ake anachapanso yunifolomuyo. Itada, anaichapa kachitatu n'kuiumitsa pambali pa chitofu. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, chakudya chinazizira patebulo.

"Wachedwa," anatero mayiwo akusita. "Ndinanena ine. Munthu wolephera kuvula nsapato angasunge nthawi?"

Simbi inakhalitsa pamalo amodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri mayi Filomena anawaula kolala.

Chakumadzulo lole yonyamula ovulala inakwera kupita kuchipatala cha antchito a m'minda ya nzimbe. Pageti panatsika chinthu chakuda bii, chofunda bulangete. Mafuta a sitima anachimata kuyambira kumutu, nsidze zinapsa, kuphazi kuli nsapato imodzi yokha. Odilia anachizindikira ndi kayendedwe.

Orval anafika pakhomo, n'kuona mayiwo, n'kuwerama kuti amasule chingwe cha nsapatoyo. Zala zinali matuza okhaokha. Chingwe chinkangomupulumuka, iye osasiya.

"Lowa nayo," anatero mayi Filomena.

Iye anapitiriza kulimbana nacho.

"Ndati lowa nayo. Mabombawo akugonthetsa?"

Anali atamugonthetsadi. Mayiwo anamugwira bulangete n'kumukokera m'nyumba okha. Anamukhazika pampando, n'kumukuwira m'khutu kuti Odiliayo amutenge, asavutike n'kupempha, chifukwa fungo lakelo sangalipirire nthawi yaitali.

Mafuta aja analowerera m'matabwa, kuyambira pakhomo mpaka patebulo: apa chidindo cha nsapato, apa cha phazi. Anakwecha ndi sopo, mchenga ndi phulusa, koma nkhondo inatha zidindozo zilipobe. Mlendo aliyense ankamuonetsa, kuti adziwe mtundu wa mkamwini amene Mulungu anawalanga naye. Bambo Amaro atabwera ndi matabwa atsopano kuti asinthe, anawathamangitsa ndi tsache lomwe lija.