Mmera Woyera M'munda mwa Azakhali a Edina

Mundikhululukire, ine si mlembi, ndipo mwina za sayansi ndiphonya pena. Koma za azakhali anga a Edina a ku Nkhulambe ndalephera kungozisunga.

Azakhali sagula mbewu ya chimanga. Pokolola amasankha ngala zazikulu zowerengeka, n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Mbewuyi anasiyiridwa ndi malemu amayi awo, ndipo salola kuisakaniza ndi ya munthu wina.

Chaka chatha mvula yoyamba itagwa, ine nditabwera kuchokera ku tauni kudzacheza, mmera wina unatuluka woyera ngati pepala, kenako unayamba kufota. Mwana wawo Dickson anakumbukira kuti a Fraser, amene anakangana nawo za malire a munda, anadutsamo tsiku lodzala.

"Atiikira mankhwala amenewa," anatero Dickson, chikwanje chili m'manja. "Lero andidziwa."

Apo ine ndinalowererapo. Ndinati kusukulu tinaphunzira kuti nthawi zina mbewu imasintha yokha m'kati. Chomera chotere chimalephera kupanga zinthu zachikasu zija zimene thupi lathu limasandutsa vitamini A, zomwenso zimateteza tsamba ku dzuwa. Mbewu ikamangoberekana pachibale, vutolo limatulukira.

"Chimanga chili ndi achibale?" anaseka Dickson. "Mabuku akupengetsa iwe."

"Tula chikwanjecho," anatero azakhali. "Mbewu imene inatsala podzala tidzale m'beseni, dothi likachokere kumtsinje kumene a Fraser sanapondeko. Ikamera yobiriwira yonse, kwa a Fraser ndikuperekeza ndine."

Mantha anandigwira, chifukwa ndinkadziwa kuti njere zochepa chonchi zikhoza kumera zobiriwira zokhazokha, ngakhale vuto lili m'mbewu. Izi sindinanene. Masiku onse odikira, Dickson ankanola chikwanje pafupi ndi beseni lija.

Chimanga chinamera. Pakati pa zobiriwira panali zoyera zingapo.

Dickson anangonyamula khasu, osayang'ana munthu. Azakhali anakhala nthawi yaitali atagwira tsamba loyera.

"Ndiye ndi mbewu ya amayi yachita izi," anatero motsitsa mawu. Masana omwewo anapita okha kwa a Fraser kukapempha mbewu yobwezera m'mapando ofota, ndipo anapatsidwa.

Chaka chino pokolola sindikhala ku tauni. Ndipita kukasankha nawo ngala zambiri m'munda monse, ndipo ndiwapempha kuti pamwamba pa moto tipachikepo ndi za a Fraser.