Olavula ndi Womeza ku Munda wa Mphesa

Lamlungu lapitali, mapemphero atatha, ndinakhala maola awiri m'chipinda chapansi cha tchalitchi chimene timabwereka ku College Park kuno ku Amereka, ndikumvetsera amuna ophunzira akukambirana za pakhosi pa mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Funso linali limodzi: chimene chinalowa m'kamwa mwawo chinatuluka, kapena chinatsikira m'mimba?

Musaseke. Eni akewo sanaseke.

Ndine mlembi wa mpingo wathu waung'onowu, ndipo mapepala onse a nkhaniyi ndili nawo, choncho ndiyambira poyambira.

Kumayambiriro kwa Sepitembala tinalandira chilengezo cholembedwa pa taipi, chosainidwa ndi a Chimwaza, wapampando wa akulu ampingo. Chinati kudzakhala ulendo wokaona chilengedwe ndi kukathandiza kukolola zipatso ku Virginia. Zipatso zanji, sichinanene. Koma kumbuyo kwake anamatako kapepala kochokera kwa eni munda, kokhala ndi chithunzi cha botolo, ndipo pansi pake panalembedwa momveka kuti othandiza kuthyola mphesa adzapatsidwa chakudya chamasana ndi mwayi wolawa vinyo. Aliyense wodziwa kuwerenga anawerenga. Palibe anafunsa.

Loweruka lomaliza la mweziwo tinanyamuka ku Bowie kukucha, anthu khumi ndi anayi m'mavani awiri. Mmodzi mwa ife anali mayi Nambewe, a ku Dedza, amene amasamalira okalamba ku nyumba ina yosungirako nkhalamba. Anakwera vani akuchokera ku shifiti, anangomanga chitenje pamwamba pa buluku la kuntchito. Titadutsa misewu ikuluikulu, nyumba zinayamba kuchepa, mapiri n'kuonekera, masamba a mitengo atayamba kufiira. Amayi anayamba kutsutsana ngati kukufanana ndi ku Bembeke kapena ku Tsangano. Mayi Nambewe anagamula kuti mapiriwo ndi aafupi, koma mphepo yake ndi yomweyo.

Munda wake si waukulu. Mwini wake ndi mzungu wachikulire wa manja okhakhala, amene amalima ndi mkazi wake. Anatiuza kuti wailesi yalengeza mvula Lolemba, ndipo mphesa zakupsa zikanyowa zimang'aluka n'kuola, n'chifukwa chake amaitana aliyense wofuna kuthandiza. Anatipatsa timasizasi ndi makireti achikasu, natiphunzitsa: dulani tsango pa phesi, musakoke, zoola tayani, musadzazitse kireti, zapansi zingaphwanyike, ndipo yang'anani kaye musanagwire, chifukwa mavu amabisala m'kati mwa tsango.

Panali azungu enanso ochokera mu mzinda. Iwo ankadula matsango atatu, kujambulana, kenaka kukapuma pamthunzi. Amayi athu anangoyamba nyimbo n'kulowa mu mzere. Mayi Nambewe, amene anakulira pa fodya, anati ntchitoyi ndi yamasewera, chifukwa mphesa sizimata m'manja ngati utomoni wa fodya, komanso palibe kusoka. Ankamaliza mzere wawo n'kubwerera kudzathandiza wa mnzawo. Mwini munda anaima kuwayang'ana kanthawi, kenaka anapita kukatenga makireti ena.

A Chimwaza anathyola theka la mzere, kenaka anaima kumapeto n'kumaloza ena pamene asiya. Mayi Tembo, mnzathu wa ku Lusaka amene sasunga mawu, anawafunsa ali chiweramire:

"Ba Chimwaza, mwabwera kusebenza olo kutamba chabe?" Kwawoko kusebenza ndi kugwira ntchito, kutamba ndi kuonerera.

Anayankha kuti msana ukuwavuta. Mayi Tembo anati msana wa ku ofesi yawo ya ku Foggy Bottom umapweteka ukangoona dzuwa, awubweze ku mpando wake wozungulira uja ukachire. Tonse tinaseka, iwonso anaseka. Linali tsiku labwino. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzanene kuti kunali chipwirikiti.

Masana tinadya pansi pa shedi: buledi, tchizi, nkhuku yozizira, ndi mandasi amene amayi anabwera nawo chifukwa sakhulupirira chakudya cha eni. Kenaka anatiitanira ku tebulo lalitali la matambula. Pakati pake panali ndowa yasiliva. Mkazi wa mwini munda anafotokoza kalawidwe kake: uzunguze tambula, ununkhize, upsontheko pang'ono, uyendetse m'kamwa, ndipo ngati sukufuna kumeza ulavulire m'ndowamo. A Chimwaza anamasulira m'Chichewa, nawonjezera zawo, kuti kulawa si kumwa, ndipo Mkhristu akhoza kulawa bola alavule. Anthu anafola. Analawa woyera, analavula. Analawa wofiira, analavula. Ena anabwereza kuti amvetsetse kusiyana kwake. Ine ndinamwa madzi a maapozi, osati chifukwa cha chiyero, koma chifukwa cha mapilitsi a kuthamanga kwa magazi.

Mayi Nambewe sanafole. Anakhala pa benchi chapatali, akupukusa mutu poona anthu aakulu akulavula pagulu.

Ndiye mwini munda anatulukira ndi botolo lopanda pepala. Anati vinyo ameneyo ndi wochokera m'mizere yomwe mayiwo anathyola, wa chaka china chammbuyo, ndipo sagulitsa, amasungira banja lake. Anathira pang'ono m'matambula awiri, msinkhu wa zala ziwiri. Anamwa lake poyamba. Linalo anapita nalo yekha pa benchi paja, nalipereka kwa mayi Nambewe, akunena kuti pa zaka zonse zimene wakhala akuitana anthu sanaonepo wothyola ngati iwo.

Inu amene munakulira kumudzi, mwaizindikira nkhaniyi. Ili ndi dima. Mwini munda waitana anthu kuti amuthandize mvula isanagwe. Ntchito yatha. Watulutsa chakumwa, walawa yekha anthu akuona kuti asonyeze kuti mulibe choipa, ndipo chikho choyamba wapereka kwa wamkulu amene wagwira ntchito koposa. Mzungu uja sankadziwa kuti akuchita mwambo wathu, koma anauchita wonse osaphonya.

Mayi Nambewe anaimirira, anapukuta manja pa chitenje, anapinda maondo, analandira ndi manja awiri. Anayang'ana ndowa ija kamodzi. Kenaka anamwa, nameza, nkhope itachita makwinya, nathokoza. Ananong'oneza mayi Tembo kuti zikukoma ngati bwemba wosakaniza ndi kwinini, ndipo sakumvetsa chimene anthu amavutikira nazo.

Mlandu wonse ndi umenewo.

Pofika Lachiwiri matelefoni anali atatentha kuchokera ku Bowie mpaka ku Silver Spring. Pofika Lamlungu linalo, mayi amene anamwa zala ziwiri anali atasanduka mayi amene anachita kunyamulidwa pokwera vani. Ine ndinakhala mpando wa kumbuyo kwawo pobwerera. Anagona, inde, monga amagonera munthu amene wagwira shifiti yonse kenaka n'kukolola mizere isanu ndi umodzi.

Mwina mukuti ndi miseche chabe, idzazirala. Imvani chimene chili pachiswe. Mu Disembala mwana wamkazi wa mayi Nambewe akukwatiwa ku Dedza, ukwati wa mu tchalitchi. Mayiwa sanapondeko kwawo zaka zisanu. Mpingo wakumudzi ukufuna kalata yochokera kuno yotsimikiza kuti iwo akadali a mgonero. Popanda kalatayo sangavale bulauzi yoyera ndi duku la gulu la amayi pa ukwati wa mwana wawo yemwe. Adzakhala kumbuyo, ndipo mudzi wonse udzafunsa kuti kodi ku Amereka anakachitako chiyani.

Pa bwalo la Lamlungu lapitali a Chimwaza anafotokoza mwaulemu kuti lamulo lathu limaletsa kumwa, kuti ena onse analavula, ndipo mayi Nambewe okha ndiwo anameza, pamaso pa alendo. Anawaitana kuti ayankhe. Mayiwo anakana mpando, anaima pafupi ndi khomo.

"Bambo," anatero, "ine anandilera kuti chimene wakupatsa mwini munda ndi dzanja lake sulavula iye akuona. Munthu walawa yekha poyamba. Ndikanalavulira m'ndowa ngati wandithirira mankhwala? Pamene inu munkalavula paja, ine ndinkachita manyazi m'malo mwanu."

Akulu aja anawauza kuti akadikire panja.

Ndisanapitirire, ndinene poyera kuti sindikuikira kumbuyo mowa. Mng'ono wanga tinamuika m'manda chifukwa cha kachasu, ndipo lamulo la mpingo ndimaligwirizana nalo. Koma lamulolo analiika kuti liteteze mabanja ku uchidakwa. Kodi analiika kuti tiziyeza nalo kuti madzi afika pati pakhosi? Ngati vinyo ndi woipa, woipa ali pa lilime ndi woipa ali m'mimba akusiyana bwanji? Ndipo ngati kupita ku munda wa vinyo kunali kulakwa, anatitengerako ndani? Walira mvula walira matope.

Chimene chikundipweteka n'chakuti sabata iliyonse timadandaula za mwambo. Ana athu tikawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Amapereka chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi, maso ali pa wailesi yakanema. Timaima kutsogolo n'kumati ulemu watha, Amereka yatidyera ana. Ndiye papezeka munthu mmodzi amene wasunga ulemu wakwathu pamalo povuta, osaopa kuwawa kwa chakumwacho, ife n'kumuitanira ku bwalo. Amene anaphunzira msanga ulemu wa eni dziko, wolavulira m'ndowa yasiliva, ndiwo akhala oweruza.

Ndipo taonani amene timawaweruza. Pa zaka zimene ndasunga buku la mpingo uno, amene aimapo pafupi ndi khomo lija ndi amayi a mashifiti, a Chingerezi chochepa, amene sadziwa kuzungulira mawu. Kodi ochimwa onse amagwira ntchito yosambitsa nkhalamba? A mataye sachimwa?

Mayiwo atatuluka, ndinatsegula faelo. Ndinaika pa tebulo chilengezo chija ndi siginecha yake, kapepala ka botolo kaja, ndi mndandanda wa onse amene anakwera mavani. Ndinati ngati tikugamula mlandu, ndilemba zonse mwadongosolo monga mwa ntchito yanga: amene anaitanitsa ulendo, amene anamasulira za kalawidwe, amene anafola, ndi kangati. Mkulu wina anayamba kuyang'ana wotchi. Wina anakumbukira kuti nayenso mkazi wake anafola.

Apo a Chimwaza anafewetsa mawu. Anati nkhaniyi ndi yaing'ono, si yoyenera kulowa m'buku. Mayiwo angopuma kaye mgonero miyezi itatu mwakachetechete, ndipo kalata ya ku Dedza idikire chaka chatsopano. Onse anavomera ndi mitu, mopepukidwa.

Miyezi itatu kuchokera mu Okutobala ikudutsa Disembala. Aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo.

Mawu akuti "tisalembe" ndimawadziwa bwino. Ndinagwira ukalaliki pa boma kwathu zaka zambiri, nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ndinaona anthu akuchotsedwa ntchito popanda pepala lililonse. Kunkangobwera uthenga wapakamwa, munthu n'kupezeka alibe desiki. Akafunsa amene walamula, aliyense ankaloza kumwamba. Anthu amaganiza kuti pepala ndi chida cha akuluakulu. Ine ndinaona kuti akuluakulu ndiwo amaliopa, chifukwa limafuna dzina pansi pake. Tinasangalala tonse pamene zinthu zinasintha kwathu, ena tinavina pano pompano. Ndiye tiwoloke nyanja ndi khalidwe lomwe lija, kudzalisunga m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha eni?

Ndinafunsa katatu, cholembera chili m'manja, ngati ndilembe kuti mayi Nambewe aimitsidwa. Katatu konse anati ayi. Choncho m'buku mwalembedwa motere: nkhani ya ulendo wa ku Virginia inakambidwa, chigamulo palibe. Ndinawerenga mokweza, ndipo a Chimwaza anasaina.

Malamulo athu, amene tinagwirizana tonse poyambitsa mpingo uno popeza tilibe m'busa wokhazikika, amati mlembi azipereka kalata ya umboni kwa Mkhristu aliyense amene dzina lake lilibe chigamulo m'buku. Lolemba m'mawa ndinalemba kalata ya mayi Nambewe, yonena zoona zokhazokha: kuti ndi wa mgonero, ndi wokhulupirika pa mapemphero pamene shifiti yalola, ndipo alibe mlandu. Ndinakaiponya ndekha ku positi ofesi ya ku Bowie. Kope la kaboni lili m'faelo.

Nditabwerako ndinaimbira a Chimwaza ku ofesi kwawo kuwauza. Anati ndawazembera. Ndinati wozemba saimba telefoni. Kenaka ndinaimbira mayi Nambewe. Anangofunsa ngati bulauzi yoyera ija aiike m'sutikesi. Ndinati aisite kaye.

Kalata imatenga masabata awiri kapena atatu kuti ifike ku Dedza, ndipo ina yoitsutsa ikhoza kufikabe ukwati usanachitike. Njira yake ndi yosavuta. Lamlungu lino buku lidzakhala lotsegula pa tebulo, mayi Nambewe adzakhala m'chipindamo, osati panja. Amene akufuna kuti mayiwa akakhale kumbuyo pa ukwati wa mwana wawo aimirire, anene mokweza iwo akumva, ine ndilembe mawu ake ndi dzina lake pansi. Ndikatero ndidzalemba kalata yachiwiriyo ndi dzanja langa lomweli.

Akuluakulu anzanga, ayambe ndani?