Mphika wa amayi pachilumba cha migwalangwa

Ntchito ya mzungu ndinaigwirapo kamodzi kokha, ndipo sindinachite kuifuna ayi. Patapita zaka zingapo nkhondo ya Jeremani itatha, alamu anga a Zuze anandipeza kwathu kwa Maseya ndikuumba mtsuko. Iwo anali kapitawo wa mzungu wina amene anthu anamutcha Tolamiyala. Anati bwana wawo akufuna mkazi wodziwa dongo, woti azitsuka ndi kulumikiza mapale amene ankakumba pachilumba china m'dambo la Shire. Ndinaseka mpaka misozi. Ine woumba miphika yathunthu, andilembe ntchito ya mapale? Koma atanena kuti ndi chilumba cha migwalangwa, kuseka kunandithera. Ndinasamba m'manja n'kukakwera mwadiya, bwato lathu la kuno.

Chifukwa chake ndi ichi. Chaka cha njala, ine ndisanavinidwe n'komwe, amayi anga anapita kuzilumba za m'dambomo kukakumba nyika, mizu ya m'madzi ija timadya zinthu zikavuta. Anasenza kamphika kawo kophikira nandiuza kuti, "Usamale ang'ono ako, ndibwera mwezi ukaoneka." Sanabwere. Ena ankati ng'ona, ena ankati matenda a m'mimba, koma woona ndi maso panalibe. Maliro sitinalire, tsitsi sitinamete. Zaka makumi awiri ndinkatembenuka nthawi iliyonse ndikamva mwadiya ukukocheza padooko. Ndinkawasowa amayi anga, ndipo chimene chinkandidya kwambiri n'kusadziwa ngati thupi lawo linalowa m'nthaka ngati la munthu.

Tolamiyala sankafuna golide, monga ambiri ankanong'onezana. Kudzera mwa a Zuze anatiuza kuti kalekale dziko lakwawo linakutidwa ndi madzi ouma ngati matalala, ndipo nthawi imeneyo Shire wathu ankayenda njira ina, n'kusiya miyala yoburungira pamene lero pali pouma. Miyala imeneyo ndiyo ankaitsata, pamodzi ndi timiyala toyera takuthwa timene ankati anthu akale ankasendera nyama. Ife thukuta lili chuchuchu tinkangoti, "Inde bwana." Madzi ouma ku Chikwawa! Ndani akanakhulupirira?

Koma ntchito yake inali ndi mwambo. Ankakhoma zikhomo zinayi n'kumanga chingwe, ndipo khasu silinkaloledwa kudumpha chingwecho. Amuna anayi ankapala dothi kuya kwa chikhatho chimodzi basi, n'kulithira ndi fosholo pa sefa wa waya. Zotsala pa sefa zinkabwera kwa ine m'lichero, lichero lililonse ndi kapepala kake. Ndinkatsuka ndi kaburashi, kuyanika pamphasa, kenako kufunafuna phale logwirizana ndi linzake. Lamulo lalikulu linali losasakaniza malichero, chifukwa chapansi ndicho chakale, chapamwamba n'chadzulo. Pamwamba pankatuluka phulusa, minga ya nsomba ndi mapale. Bwanayo zimenezi ankaziyang'ana mwachangu. Mtima wake unali pansi, pamiyala.

Ine wanga unali pamwamba. Amayi anali ndi chikhadabo chong'ambika pachala chachikulu, pamene munga wa mlamba unawalasa ali mwana. Akamalemba khosi la mphika ndi chikhadabocho, kamzere kalikonse kankatuluka koduka pakati. Choncho phale lililonse ndinkayamba ndalitembenuza kuyang'ana khosi. Masabata atatu, ng'o.

Tsiku lovuta linafika titayamba dzenje lachitatu, pansi pa mgwalangwa wopendekeka. Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva bwana akukuwa mokondwa. Amuna anali atapeza mphika wathunthu, wovundikira pansi. Iye analowa yekha, naupala m'mbali ndi kampeni, nawuutsa. Kuthako kwake kunali bowo.

"Akuti ndi wochezera mchere, uja wosefera dothi la mchere," anatero a Zuze. "Tengani mukatsuke, mlamu. Ife tipitirize, miyala ili pafupi."

Ndinaulandira. Ndisanauthire n'komwe madzi, chala changa chinagwa pakhosi pake, ndipo timizere tonse tinali toduka pakati. Pamlomo panali pobenthuka, pomwe ine ndemwe ndinabenthula ndi mthiko ndili mwana, amayi n'kundikoka khutu. Nditakweza maso ndinaona khasu lili m'mwamba.

Sindidziwa mmene ndinadumphira chingwe chija. Ndinangozindikira ndakhala pansi m'dzenjemo, mphika uli pamiyendo.

"Mlamu, mwapenga? Tulukani msanga, mundichotsetsa ntchito!"

"Alamu, inu ndinu mwana wa woumba? Mphika wa mchere amauboola timabowo tambiri, dongo likadali lofewa. Uwu bowo lake ndi limodzi, lochita kugogoda utapsa kale, ndipo taonani mwaye wa pamoto. Mphika wotere, wovundikira pansi, mumaupeza kuti?"

Amuna aja anayang'anizana, makasu n'kugwa okha. Aliyense wa kuno amadziwa kuti munthu akaikidwa, chiwiya chake amachiboola n'kuchisiya pamanda pake.

"Pansi pano pagona amayi anga," ndinatero, ndipo pomwepo ndinayamba kulira maliro amene ndinawasunga zaka zonse zija.

Bwana anafiira. Masiku awiri a ntchito anali m'dzenje limenelo, ndipo mvula inali pafupi. Analankhula mofulumira, akuloza pansi ndi ndodo yake yoyezera. A Zuze, amene sanali munthu wotsutsa mzungu, anavula chipewa n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Bwana, amuna awa sakumbanso pano, ngakhale muwamenye." Mzunguyo anapempha mphikawo. Ndinaukumbatira. Anagwada, nauyeza uli m'manja mwanga momwemo, najambula timizere tija m'buku lake, kenako anazula yekha zikhomo zinayi n'kukazikhoma kutali. Kaya anamva chisoni, kaya anangoona kuti akumba yekha, ine sindidziwa.

Tinakwirira ndi manja. Mphika ndinauvundikira monga tinaupezera. Madzulo ake a Zuze anandifunsa mofatsa kuti mwina amayi anaugulitsa kwa wina. Ndinati munthu wa njala sagulitsa mphika wake umodzi, ndipo pamanda saikapo chiwiya cha eni. Nditabwerera kwa Maseya ndinaitana ang'ono anga awiri, tonse amayi a ana, tinameta.

Miyala yake bwana anaipeza m'dzenje lachinayi, anaipakira m'mabokosi n'kupita. Chilumbacho madzi osefukira anachidya pang'onopang'ono, lero asodzi amangoloza pamene panali migwalangwa. Amene anakumba manda aja, ali ndi njala m'mimba, n'kukumbukira ngakhale kuboola mphika, sindinamudziwe. Ndikanakonda kumuphikira ngakhale kamodzi.

Chimene ndinatengako kuntchito ija n'chakuti usanatsitse khasu, yamba wafunsa wodziwa chimene wachipeza, pakuti zimene wina akuti n'zadzulo chabe, kwa mnzake ndi mayi ake. Chikhadabo changa ine n'chabwinobwino, chosang'ambika. Koma kuyambira chaka chimenecho, mphika uliwonse umene ndaumba ndimatenga munga n'kudula timizere ta pakhosi pakati, kuti ana anga akadzaupeza penapake asadzavutike kufunsa.